Chidindo Chozondoka cha Mayi Nukui

Aliyense amene anagwirapo ntchito kwa a Hokari ankalidziwa lamulo: ukadya adyo, ukadzola mafuta onunkhira, kapena malaya ako akachapidwa ndi sopo wa fungo la maluwa, chipinda cha mayi Fusae Nukui uzichilambalala. Ukalowa mwadala, sankayamba ndi kukalipa ayi. Ankakweza kaye mphuno, n'kukuuza zimene wadya dzulo, kumene wadyerako, mwinanso ndi munthu amene unakhala naye moyandikana. Akatha pamenepo ndiye ankakulozera khomo. Mkulu wina wodzayendera mafakitale anatulutsidwamo chikwama chili m'manja, ati tsitsi lake linkanunkha ngati nkhata za pamaliro. Anapita akung'ung'udza, koma ulendo wotsatira anabwera mutu uli mbuu, wopanda n'kadontho komwe ka mafuta.

Ntchito yawo inali mphuno ndi lilime. Kampani ya a Hokari ndi yaing'ono, antchito sakwana makumi anayi, koma wisiki ndi jini wake amadziwika kuno ku Toyama, m'dziko la Japan, mpaka kuseri kwa mapiri. Mowa uliwonse usanalowe m'botolo unkayamba wadutsa patebulo la mayi Nukui. Teni koloko m'mawa, kanjala katangoyamba kugogoda, nthawi imene mphuno imakhala yakuthwa, ankandandalika timatambula makumi awiri, kalikonse kovundikira ndi kagalasi. Ankathiramo timadzi pang'ono, kununkhiza, kulawa kadontho, kuzunguza m'kamwa, n'kulavula. Akatero ankanena zinthu ziwiri zokha: ngati mowawo wapsa, ndi mtengo umene ukuuyenera.

"Uwu ndi wa mayeni zikwi zinayi," ankatero. "Mukaikapo zisanu, ndinu akuba."

Sankagomera dzina kapena zaka za mowa. Bambo wina wolemera anawabweretsera botolo lakunja lokulunga m'nsalu kuti amuyamikire. Iwo ananunkhiza kawiri n'kumuuza kuti wagula bokosi lokongola basi, zam'katimo zikuchepera kawisiki ka pasitolo ya pakona kamene iwo amamwa Lamlungu ndi madzi a soda. Bamboyo makutu anachita psuu, koma chaka chotsatira anabweranso ndi botolo lina kudzafunsa asanalipire.

Analowa pakampanipo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ntchito yake yotsuka mabotolo. Tsiku lina anauza kapitawo kuti paipi yatsopano ikusiya fungo la labala m'mowa. Kapitawo anaseka chikhakhali. Mwini kampani, a Genzo Hokari, ankadutsa pomwepo ndipo sanaseke. Ananunkhiza okha, analamula kuti paipiyo ichotsedwe, ndipo m'mawa mwake wotsuka mabotolo uja anapezeka atakhala patebulo lolawira.

Anthu amati ndi ntchito yokoma, kulipidwa chifukwa cholawa mowa. Yokoma pati! Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi nkhomaliro imodzimodzi: mpunga, nsomba yoyera yowotcha, ndi msuzi wosakolera mchere. Khofi ayi, tsabola ayi, fodya m'nyumba ayi. Wina akayetsemula m'basi, iwo ankatsika n'kuyenda wapansi. Amuna awo, a Isamu, anasiya ndudu chaka chimene anakwatirana, ndipo akalakalaka timitanda ta nkhumba tothira adyo ankakadyera kusiteshoni mobisa, n'kuzungulira tauni kawiri akutafuna chingamu. Akangotsegula chitseko, mawu ankachokera kukhitchini.

"Abambo, zinali mbale ziwiri kapena zitatu?"

"Imodzi yokha, amayi."

"Bodza. Mphasa yanu ili m'chipinda chinacho."

Chimene anapata pa kudzimana konseku ndi kachidindo kofiira. Kuno aliyense ali nacho chidindo cha dzina lake, koma cha mayi Nukui a Genzo anachiika papepala lomata pabotolo, pakona yakumanzere, kakang'ono ngati batani la malaya. Eni mabala ogulitsa mowa anachizolowera. Ankangoimba foni n'kufunsa ngati chidindo chilipo, akamva kuti eya, n'kuitanitsa makatoni osalawa. Mayi wopanda munda, wopanda sitolo, chuma chawo chonse chinali chimenecho: akanena kuti mowa ndi wabwino, anthu a m'mizinda imene iwo sanapondemo ankatulutsa ndalama ali chitsinzire.

Dzina limeneli silinagwe kumwamba. Pakampanipo nkhani iliyonse yaikulu imalembedwa papepala, pepalalo n'kumayenda tebulo ndi tebulo, kuyambira wamng'ono mpaka mwini wake, aliyense akudinda m'kabokosi kake. Aang'ono amapendeketsa chidindo chawo pang'ono kuloza kubokosi la bwana, ngati chikuwerama. Munthu amene waona pepala koma mtima wake wakana, amadinda mozondoka. Chaka china a Genzo anatcheza jini wawowawo, anadzazamo makoko a timandimu ta yuzu mpaka kumwa kwake kunali ngati ukutafuna sopo. Mayi Nukui anadinda mozondoka. A Genzo anatsika masitepe pepala lili m'manja, anatukwana, anamenya tebulo mpaka timatambula tinalira, anatha sabata ziwiri osawayankhula, kenako jini yenseyo anabwezedwa mumphika wotchezera. Masiku amenewo pepala lokhala ndi chidindo chozondoka silinkapita patsogolo. Lamuloli silinalembedwe paliponse, koma aliyense ankalidziwa.

A Genzo atatisiya, mpando unagwera mwana wawo Tatsuya, amene anakhala zaka khumi ndi zisanu ku Tokyo akugwira ntchito yotsatsa malonda. Sikuti anali munthu woipa mtima. Anali munthu woti akaona chinthu amayamba waganiza mmene chingaonekere pachithunzi. Atangofika anamanga chipinda cha alendo, magalasi mbali zonse. Ndiye anatuma anthu kukatulutsa mgolo wa bambo ake m'nyumba yosungira, mumdima ndi m'chisanu mmene unagona zaka pafupifupi makumi atatu. Unali mgolo wa thabwa la mizunara umene a Genzo anadzaza ndi manja awo, n'kunena kuti udzatsegulidwe kampani ikadzakwanitsa zaka zana. Tatsuya anauimika pakati pa chipindacho n'kuumanga chingwe chopatulika cha mapesi a mpunga. Pambali pake anaika kabati yosatseka, mopachika majekete a ntchito a malemu. Mayi ake a Tatsuya, gogo wofatsa amene ankabwera mwezi uliwonse kudzapukuta fumbi, anachita zimene mayi aliyense wosamala amachita ndi zovala zosungidwa: anadzaza m'matumba monse timibulu toyera tothamangitsa njenjete, osaumira. Nyengo yachisanu antchito ankayatsa mbaula ya palafini pafupi pomwepo kuti alendo asazizidwe pojambula.

Mayi Nukui anakwera ku ofesi ya bwana kukadandaula kuti fungolo liwononga mowa. Anauzidwa kuti alendo amaukonda mgolowo. Anapempha kuti atapeko pang'ono ayese, anauzidwa kuti mgolo womangidwa chingwe satsegula wamba. Zaka zinayi zinatha choncho, iwo akudutsa pachipindacho atagwira mpweya.

Chaka cha zana chitafika, mgolo unatsegulidwa. Anakhala anthu asanu ndi atatu patebulo lalitali, aliyense pamalo a udindo wake, chithunzi cha a Genzo chili pakhoma, mayi wamasiye ali kumapeto ndi kampango m'manja. Mowa unatuluka wofiirira bwino, wokongola ndithu, pamenepo palibe angatsutse. Mayi Nukui anavundukula katambula kawo, ndipo asanakafikitse n'kumphuno komwe, anadziwa kale kuti zavuta. Munali fungo la m'bokosi la zovala. Pansi pake panali palafini. Analawa kadontho, lilime linachita dzanzi, ndipo kuseri kwa zonsezo, kutali, anamva mowa weniweni wa a Genzo, wotsekemera, wakuya, umene ukanakhala mowa wopambana wonse umene kampaniyo inatulutsapo. Zimenezo ndiye zinawawawa kwambiri.

Pamsonkhano wotere amayamba kuyankhula ndi bwana. Tatsuya anatsinzina, anapuma mozama, n'kunena kuti akumva lubani wa m'kachisi wakale. A Daimon, mkulu wa zamalonda, anati zoonadi lubani, ndipo iwo akumvanso mtengo wa mkungudza. Wotsatira anamva lubani. Winayo anamva lubani ndi uchi. Asa! Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kumeza mankhwala a njenjete n'kumagwedeza mitu ngati abuluzi! Mayi wamasiye anapukuta misozi n'kunena motsitsa kuti fungoli likuwakumbutsa amuna awo. Nanga likanalephera bwanji, poti linali fungo la majekete awo?

Maso onse anatembenukira kwa mayi Nukui. Iwo anayang'ana gogo uja, munthu amene anathira timibulu tija chifukwa cha chikondi. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo wa ntchito anameza mawu.

"Ndiulawenso mawa," anatero.

Mawa lake sanalawe chilichonse. Anakwera masitepe n'kutseka chitseko cha ofesi ya bwana.

"Bwana, mowa uja wafa."

"Wafa bwanji, Nukui-san? Anthu onse aja anauyamikira."

"Anthu onse aja ankanunkhiza nkhope yanu, osati tambula. Ukununkha mankhwala a njenjete ndi palafini. Thabwa limapuma, bwana. Zaka zinayi mgolo wakhala ukupuma mpweya wa m'kabati ija, uku mukuuwotcha ndi mbaula ngati mbatata."

"Koma akatswiri onse amati mizunara amatulutsa fungo la lubani."

"Lubani ndimamudziwa, ndaika m'manda makolo anga onse awiri. Uyu si lubani."

"Nanga mtengo wake mungati bwanji?"

"Munthu akaumwa mumulipire ndinu."

Tatsuya anamwetulira ngati akumvera nthabwala za agogo. Anati mabotolo atuluka mazana awiri, lililonse mayeni zikwi mazana atatu, ndipo anthu ayamba kale kulembetsa. Kenako anafunsa, mwaulemu wonse, kuti kodi Nukui-san ali ndi zaka zingati tsopano, poti anawerenga penapake kuti mphuno nayo imakalamba. Ndiye kuti tsabola wakale sawawa. Mayi Nukui mtima unawira mpaka m'makutu munalira.

"Ndimangeni nsalu kumaso, mundipatse matambula khumi, ndikuuzeni mgolo uliwonse ndi chaka chake. Tiyeni pompano!"

Tatsuya anati sakukayikira konse, n'kuyang'ana foni yake.

Pepala lovomereza mowawo linayamba ulendo wake. Linafika patebulo la mayi Nukui lili ndi zidindo zisanu ndi chimodzi, zonse zowerama mwaulemu kuloza kwa bwana. Linagona pamenepo masiku atatu. A Daimon ankabwera m'mawa ndi madzulo, kuima pakhomo osalowa chifukwa cha mafuta a m'tsitsi mwawo, manja ali pamodzi.

"Nukui-san, chonde, tichitireni chifundo. Osindikiza mapepala a pabotolo akudikira chidindo chanu. Wansembe tamuitana kale. Mayi aakulu asoketsa kale chovala cha tsiku la mwambo wotulutsa mowawu."

"Daimon-san, inu munamva mkungudza zoona?"

"Aaa, ine mphuno yanga ndi yongopumira. Koma pepala likaima, amene amakalipiridwa ndine."

Tsiku lachinayi anatsegula kachikwama ka chidindo, anachinyika mu inki yofiira, anachitembenuza mutu pansi, n'kudinda mwamphamvu mpaka pepala linabooka pang'ono. Anapereka kwa a Daimon. A Daimon anaona, nkhope inagwa, anawerama n'kupita. Mayi Nukui anakhala pansi kudikira mapazi a bwana pamasitepe. Anakonzekera kutukwanidwa, anakonzekera tebulo kumenyedwa, mawu oyankha anali atawanola kale. Tsikulo linadutsa kuli zii. Sabata inatha, inzake inatha. Iwo anaganiza kuti mwanayo wachita manyazi, nkhaniyo yafera m'kabati.

Anadziwira kumalo opakirira. Ankadutsa kupita kukatenga madzi, n'kuona amayi atavala magolovesi oyera akuika mabotolo m'timabokosi ta thabwa. Ananyamula limodzi. Pepala lake linali lokhuthala, zilembo zagolide, nkhope ya a Genzo pakati. Pakona yakumanzere panali chidindo chawo, chili chilili bwinobwino, mutu m'mwamba.

Amene anaona amati sanakwere masitepe, anauluka. Anakankha chitseko osagogoda, botolo lili m'manja, alembi onse ali pomwepo.

"Iwe Tatsuya!"

Palibe anamvapo munthu akumuitana bwana chotero, koma mayiwa anamupukutapo mamina bwanayo ali ndi zaka zinayi, bambo ake atabwera naye kuntchito.

"Chidindo changa wachitembenuza ndani?"

"Nukui-san, khalani pansi. Osindikiza anaona ngati dzanja linaterereka, ndiye anakonza."

"Dzanja langa silinatererekepo! Wakulira pakampani pano, ukudziwa tanthauzo lake. Bambo ako akanatsika masitepe aja!"

"Bambo anga kulibe." Anayankha mosakweza mawu. "Ine pepala ndimawerenga mabokosi. Analipo asanu ndi awiri, onse ofiira. Mukanafuna kukana, bwenzi mutasiya bokosi lanu loyera. Munadinda, Nukui-san."

Mwana wopanda mphuno uja ananena zoona, ndipo zoonazo zinawabaya kuposa chipongwe chonse. Anadinda. Anafuna kukana koma osakhumudwitsa gogo wamasiye, osaimitsa a Daimon pakhomo tsiku lachisanu, osatchedwa nkhalamba yovuta. Anakana monong'ona, n'kumayembekeza kuti munthu wakufa atsika masitepe kudzamva. Anaika botolo patebulo la Tatsuya mwamphamvu n'kutuluka, akutukwana mumtima, ndipo amene ankamutukwana kwambiri anali Fusae Nukui.

Kunyumba anaphwanya mbale ziwiri potsuka. A Isamu anatola zidutswa mwakachetechete.

"Amayi, tsiku la mwambolo mungodwala. Munthu amadwala."

"Ndidwale kuti chidindo chichoke pamabotolo mazana awiri?"

"Ndiye siyani ntchito. Tizikadya adyo limodzi kusiteshoni."

"Abambo, musandiseketse, ndili ndi mpeni m'manja."

Kutatsala masiku awiri, a Daimon anawaonetsa mndandanda wa oitanidwa, ndipo diso lawo linagwera pa dzina la a Mizobe. Awa ndi mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, mwini kabala ka mipando isanu ndi itatu ku Kanazawa, munthu wa mphuno yeniyeni, mmodzi mwa anthu ochepa amene mayi Nukui ankawavulira chipewa. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi a Mizobe ankagula mowa wa a Hokari pafoni, osapempha kolawa. Ulendo uno anatenga mabotolo atatu. Anauza a Daimon kuti mtengo wake ndi woopsa kwa kabala ngati kawo, koma poti Nukui-san adinda, akufuna akathirire makasitomala amene anayamba nawo bala ija, nkhalamba zinzawo, asanathe onse.

Mwambo unachitika masana, m'chipinda cha alendo chomwecho, kabati ija ili pomwepo. Wansembe anachita zake, anthu anawomba m'manja, Tatsuya anayankhula za maloto a bambo ake mpaka mawu ananjenjemera. Atsikana anazungulira ndi mathireyi a timatambula. Posakhalitsa chipinda chonse chinadzaza lubani. Wina wolemba m'magazini anamva nkhalango itangogwa mvula. Mkazi wa dokotala wina anamva nyumba ya agogo ake, ndipo ameneyo yekha ndiye anayandikira choonadi.

Mayi Nukui sankayang'ana aliyense koma a Mizobe. Mkuluyo anatenga katambula ndi zala ziwiri, anakazunguza, anakafikitsa kumphuno. Anaima. Ananunkhizanso, mbali ina ya mphuno, monga amachitira odziwa. Sanalawe. Anakaika pansi pang'onopang'ono, anatenga botolo limene linali patebulo, anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa pakona yakumanzere nthawi yaitali. Kenako anayenda mpaka pamene panaima mayi Nukui, n'kuwerama mozama kuposa masiku onse.

"Nukui-san, lero ndaphunzira."

Bola akanawamenya khofi. Bola akanatukwana. Mayi Nukui anaona m'maso mwa mkuluyo kuti akuyesa kusankha pakati pa zinthu ziwiri: kaya mphuno ya mayiyu yafa, kaya mayiyu wagulidwa. Ndipo chifukwa cha ulemu sakanafunsa mpaka kalekale.

Nthawi yomweyo Tatsuya anaitana pa chimkuzamawu kuti mlawi wamkulu wa kampani, amene chidindo chake chili pabotolo lililonse, anenepo mawu awiri. Anthu anawomba m'manja. A Daimon anatseka maso. Mayi Nukui anayenda kupita kutsogolo, anatenga chimkuzamawu osawerama.

"Mawu anga amakhala awiri nthawi zonse," anatero. "Loyamba: mowa uwu wawonongeka. Zimene mukumvazo si lubani. Ndi mankhwala a njenjete ndi palafini. Amene muli ndi mphuno mwamva kale, mukungoopa kunena. Lachiwiri ndi mtengo. Musalipire ngakhale yeni imodzi."

Munthu wina anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, kenako anadzigwira pakamwa. Tatsuya anatambasula dzanja kuti alande chimkuzamawu, iwo anamutembenukira msana.

"Sindinathe. Ndinadziwa tsiku loyamba. Ndinadziwa, ndipo pepala litabwera ndinadinda. Musafunefune wina wolakwa, ndi ine ndaima pano. A Genzo anathira mowa wabwino mumgolo uwu, ife amoyo ndi amene taupha."

Anaika chimkuzamawu patebulo. Mayi wamasiye anali atayang'ana kabati ija, kampango kali pakamwa, ndipo mayi Nukui anadziwa kuti gogoyo wamva zonse, ngakhale dzina lake silinatchulidwe. Chimene anachiopa pamsonkhano uja, pamaso pa anthu asanu ndi awiri, chinachitika pamaso pa anthu zana. Mwana wamkazi wa gogoyo anamugwira mkono n'kutuluka naye. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Mabotolo anaitanidwa kuti abwerere. Ambiri anabwerera, koma ena eni ake anakana, ati tsopano atchuka, adzakwera mtengo. Anthu! Tatsuya sanawachotse ntchito, poopa zimene tauni inganene. Anangosiya kuwayankhula, ndipo mosiyana ndi bambo ake, sanasiyire pa sabata ziwiri. Gogo uja sanabwerenso kudzapukuta fumbi. Mayi Nukui anamulembera kalata katatu, yankho silinabwere. Kumsika ena ankawaweramira mwaulemu woposa kale, ena ankatembenukira ku nsomba. A Mizobe anabweza mabotolo awo atatu atawakulunga bwinobwino, ndi kakalata kothokoza chifukwa cha mwambo wokongola.

Iwo anapitiriza ntchito. Teni koloko, timatambula makumi awiri, nsomba yoyera ndi mpunga. Chisanu chonse analimbana ndi jini watsopano, akuchotsa ichi, akuwonjezera icho, akukangana ndi wotcheza za mlingo wa yuzu ndi masamba a tiyi, mpaka wotchezayo analumbira kuti asiya ntchito akaweta nkhuku. Chipale chofewa chitasungunuka m'mapiri, jini uja anapsa. Ananunkhiza, analawa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire mwambo uja mtima unakhala pansi. Anali jini wopambana yense amene anadutsapo patebulo lawo, ndipo mtengo wake anauika wa munthu wamba, mayeni zikwi zitatu ndi mazana asanu. Anadinda chilili.

Sanadikire a Daimon. Anaimba okha foni ku Kanazawa, masana, nthawi imene a Mizobe amakhala akupukuta matambula.

"Mizobe-san, ndine Nukui. Ndili ndi jini. Sindinapangepo wotere."

"Aaa, Nukui-san, mwatikumbuka. Muli bwanji kumeneko? A Isamu ali bwanji?"

"Ali bwino. Chidindo chilipo. Ndikusungireni makatoni angati?"

Anamva mkuluyo akuika tambula pansi.

"Ndikhulupirira ndi wabwino kwambiri," anatero a Mizobe, mawu ali ofewa. "Mungatani, mutanditumizira kaye kabotolo kakang'ono ndilawe? Musandimve molakwa."

Mayi Nukui anafinya foni. Mawu anabwera pakhosi ambirimbiri, otentha: kuti anaima pamaso pa anthu zana n'kudzivula okha, kuti anataya gogo uja, anataya bwana, kuti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanawanamizepo n'kamodzi komwe. Koma kamodzi kanalipo, ndipo onse awiri ankakadziwa.

"Chabwino," anatero. "Kafika Lachitatu."

M'chipinda mwawo munalibe timabotolo totumizira anthu kuti alawe, poti sitinkafunikapo. Anakwera kukapempha ku ofesi ya a Daimon, anaima pakhomo, ndipo a Daimon anafunsa kuti akufuna tingati. Mayi Nukui anaganiza za mabala onse amene ankagula pafoni, ku Kanazawa, ku Niigata, ku Nagoya.

"Ndipatseni katoni yonse," anatero.